Lenzi Yodula Kuposa Boti Langa

Omvera anzanga, ndine msodzi wochokera ku Malawi, ndimakhala ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja. Mlendo wina wojambula mbalame anandipempha kuti ndimutengere kugombe la Lipingo pa boti langa. Kamera yake inali ndi lenzi yaitali ngati mkono, moti titafika anaikhazika pa choimikira cha miyendo itatu. Mwadzidzidzi mwendo umodzi unatitimira mumchenga, kamera n'kupendekera pamwala. Ndinadziponya n'kuiwakha pachifuwa.

Mlendoyo anakhala pansi, nati, "Achikulire, lenzi imeneyi ingagule maboti atatu ndi injini zake!"

Thukuta linandituluka, chifukwa popita ndinangoitsamiritsa pa ndowa ya usipa, mafunde akuithira madzi. Anzanga, katundu wa mlendo muzifunsa kaye mtengo wake musanamugwire. Ine nthiti ikundiwawabe mpaka lero.