Tsiku limene ndinakuwa za kuchikuta pachulu

Moni kwa inu nonse amene timagwadira Mulungu mmodzi, a kuno kwa Malomo ndi a kutali komwe. Ine ndine Nachisale, mayi wamasiye, mlimi wa soya ndi mtedza. Ndikufuna ndikuuzeni momwe mwana wanga Esinati anatsala pang'ono kutifera m'manja pa nthawi yobereka, ife titamuzungulira n'kumamupanikiza ndi mafunso. Kumudzi kwathu alipo ena mpaka lero amene amati nkhani iyi si yokamba pagulu. Ine ndiikamba, ndipo dzina langa sindibisa.

Zinachitika patapita zaka zochepa chibwerereni matipate, mafoni a m'manja atangoyamba kufika kumidzi. Mlongo wanga amene ankagwira ntchito ya fodya ku Lilongwe anandipatsa foni yake yakale, yolemera ngati mwala wonolera mpeni, kuti azindiuza mitengo ya mbewu m'tauni. M'mudzi monse inalipo yokhayo. Netiweki inkagwira malo amodzi basi, pachulu chachikulu cha kumtunda kwa zigafa za fodya, ndipo ukakwera pamenepo unkayenera kukuwa kuti winayo akumve. Lachisanu lililonse ndinkapita nayo kwa Malomo kukatchajitsa pa batire ya galimoto kwa ometa tsitsi. Ndikabwerako ndinkaizimitsa n'kuikulunga m'pepala la shuga.

Foni ija inandithandiza, koma inandipatsanso mbiri yoipa. Mavenda analeka kundipusitsa. Tsiku lina pamsika ndinawayalutsa a Chimphepo, venda wa ku Mponela amene ankayenda ndi kapikapu, kagalimoto kogulira mbewu. Ndinatchula pamaso pa anthu mtengo weniweni wa soya ku Lilongwe, alimi n'kutsitsa matumba awo pasikelo. Bambo aja anachoka akundiloza chala. Kumudzi nako amayi anzanga ankanong'onezana kuti mkazi wamasiye amalankhula ndi ndani pachulu ngati si amuna a eni, ati ufulu wa matipate ndi umenewu. Ine ndinkawayankha kuti amene ali ndi mwamuna woti ndingamusirire abwere naye ndimuone.

Esinati ndi mwana wanga woyamba. Ankakhala pafupi nane ndi mwamuna wake Levisoni, mkamwini wofatsa, wosadziwa kukangana. Mimba inali yoyamba, ndipo matenda anamuyamba Lachiwiri m'mawa. Kwathu za kuchikuta, m'nyumba imene mayi akuchirira, ndi za amayi okhaokha. Mwamuna sauzidwa kanthu mpaka mwana atalira, ndipo akafunsa amauzidwa kuti mkazi wake wamva mutu. Levisoni tinamuthamangitsira kuchigafa kuti akasankhe fodya ndi anzake. Tinaitana a Nabanda, mayi anga aang'ono, azamba amene analandira ana ambiri a m'mudzi mwathu, ndi anga omwe.

Tsiku lonse linatha mwana osabadwa. Kutacha Lachitatu a Nabanda ndi amayi ena awiri anagwirizana chimodzi. Anati mwana akukana kutuluka chifukwa mayi wake anayenda ndi amuna ena ali ndi pakati, ndiye atchule mayina awo kuti njira itseguke. Mmodzi anandiyang'ana ine n'kunena kuti make mbuu, mwana mbuu. Ankamufunsa mosinthana, kumugwedeza, kumutchulira mayina a amuna a m'mudzi mmodzimmodzi kuti angovomera.

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa umboni wobisa tchimo la mwini wake si umboni. Ine amene ndinkatha kuyalutsa venda pamsika, m'nyumba muja ndinali zii. Ndinaleredwa m'mwambo umenewu, ndipo ndinkaopa kuti ndikatsutsa adzati ndikubisa uhule wa pabanja pathu. Ndinafika pomuuza mwana wanga ndi pakamwa pangapa kuti ngati alipo angomutchula. Anandiyang'ana, milomo itauma, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Amayi, ndilibe woti ndimutchule. Kapena ndiname?” Mawu amenewa amandipwetekabe mpaka lero.

Pofika masana anasiya kubuula. Maso analowa m'kati, thupi linayamba kuzizira, ndipo ndinaona kuti kadzanja ka mwana ndiko katsogola. Ndinati tipite kuchipatala. A Nabanda anakana, poti kubwereka ngolo kunali kuuza mwamuna, komanso ngolo ikanayenda mpaka madzulo m'zitunda zathuzi. Anandichenjeza kuti ndikatulutsa nkhaniyi kunja, chilichonse chimene chichitike chikhala pamutu panga.

Ndinatuluka n'kukagwada kuseri kwa nkhokwe. Pemphero langa silinali laulemu, ndipo ngati munali kulakwa m'menemo Ambuye anandikhululukira. Ndinati, “Munatenga mwamuna wanga, sindinakufunseni kanthu. Uyu yekha ndikukukanizani. Ndionetseni pogwira.” Nditadzuka mantha anali atandichoka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatenga foni ndi buku la nyimbo n'kuthamangira kumtunda.

Kumapeto kwa bukulo ndinali nditalembako manambala atatu okha. Mayunitsi anali atatsala ongokwanira kuflasha, kuimba kamodzi n'kudula kuti mwini wake akuimbire. Foni ya mlongo wanga inali yozimitsa, anali pantchito. Ya abusa inaitana koma sanabweze, pambuyo pake ndinamva kuti anali kumanda ndi maliro. Inatsala ya a Chimphepo, imene anandipatsa tisanayambane. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo ine ndinaupezadi pachulu paja. Ndinawaflasha katatu n'kuima, foni ili m'mwamba.

Inalira. Mawu awo oyamba anali akuti, “Mayi inu, munandinyoza pamsika, lero mukundiflasha? Soya wanu wafumbwa?”

Ndinayang'ana kumunsi. M'zigafa munali modzaza amuna akusankha fodya, Levisoni ali pakati pawo. Ndinayesa kulankhula chapansipansi, a Chimphepo akungoti halo, halo, sakundimva. Pamenepo ndinadziwa kuti chinsinsi ndi moyo wa mwana wanga sizingapulumuke zonse ziwiri. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse: “Mwana wanga akufa ndi mimba! Lero tsiku lachiwiri mwana sakubadwa, watsogoza dzanja!” Mawu ankadukaduka, ndiye ndinabwereza katatu. Manja onse m'zigafa muja anaima. Mkulu wina anadzuka n'kulowera kumunda atagwira m'makutu. Levisoni anaimirira, masamba a fodya akadali m'manja.

 A Chimphepo anangofunsa ngati mlatho wa kumunsi kwathu ukudutsika. Anali pamsika wina wapafupi akugula mtedza. Anatsitsa matumba onse pambali pa msewu, n'kuwasiya ndi munthu wosamudziwa, ndipo ola lisanathe kapikapu kaja kanali pakhomo panga. Munthu amene ndinamuchititsa manyazi ndi amene Mulungu anamutuma. Abale, musamusankhire Mulungu wantchito.

A Nabanda anaima pakhomo la chikuta atatambasula manja. Levisoni uja wosadziwa kukangana anawaomba m'manja mwaulemu, n'kuwadutsa, kulowa m'nyumba imene mwamuna salowa. Anatuluka atanyamula mkazi wake. Tinamugoneka pamatiresi kumbuyo kwa galimoto, ine nditamupakata mutu, ndipo njira yonse ndinkamuitana dzina kuti asagone. Kuchipatala cha paboma anamutengera ku opaleshoni nthawi yomweyo.

Esinati anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anamutulutsa atafa kale. Adokotala anatiuza, Levisoni ali pomwepo, kuti mwanayo anapingasa m'mimba, ndipo ngakhale mayi wake akanatchula amuna a m'boma lonse la Ntchisi sakanatembenuka. Anatinso tikanabwera dzulo lake, onse awiri akanakhala moyo.

Titabwerera kumudzi amayi akuluakulu anandilipitsa nkhuku chifukwa choulula za kuchikuta pamaso pa amuna. Nkhuku ndinagwiradi, tambala wamkulu wa m'khola mwanga, koma ndinakapereka kwa a Chimphepo ku Mponela. Amayi aja ndinawauza kuti ngati kupulumutsa mwana ndi mlandu, andilembere milandu ina pasadakhale chifukwa ndidzabwerezanso. A Nabanda sindinawade. Anachita zimene anaphunzitsidwa, monga inenso ndinachitira poyamba paja. Tinakhala miyezi osalankhulana, kenako anayamba okha kutumiza amayi kuchipatala matenda akangoyamba.

Kuyambira chaka chimenecho amayi a chigwirizano cha kutchalitchi tinapangana kuti foni isamakhale yopanda moto kapena mayunitsi. Manambala a oyendetsa galimoto atatu ndi a kupolisi tinawalemba ndi makala pakhoma la tchalitchi, poonekera aliyense. Akuba atathyola khola la ng'ombe m'mudzi woyandikana nafe, uthenga unawatsogolera ndipo anakagwidwa asanaoloke msewu waukulu. Amene ankati ndimaimbira amuna awo anayamba kubwera kudzafunsa mtengo wa mtedza. Ndinkawauza, koma ndinkayamba ndawafunsa ngati amuna awo ali bwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la mkazi wamasiye. Ndikuthokoza a Chimphepo ndi mkamwini wanga. Esinati lero ali ndi ana atatu, onse obadwira kuchipatala, ndipo banja lake lili chilili. Inu amene muli pa mayesero, limbikani kupemphera, koma mukati amen dzukani mukagwire chimene Mulungu waika pafupi nanu, ngakhale anthu achinyoze. Adzakunenani, adzakulipitsani, koma manyazi amatha, maliro sabwerera.

Mdzukulu wanga woyamba tinamuika ife amayi okhaokha, mayi wake akadali chigonere m'chipatala. Mwana wobadwa wakufa kwathu timamutcha nthayo. Sapatsidwa dzina, saimbiridwa nyimbo, ndipo amati osamulira. Ine ndinamulira mokweza mpaka amayi anzanga anandigwira pakamwa, ndipo ndinachotsa manja awo. Mwana uja anadikira agogo ake tsiku lathunthu ndi theka, foni ili m'nyumba momwemo, ine ndikuopa pakamwa pa anthu. Inu musadzadikire.