Wotchi Yandiulula, Achemwali

— Halo?

— Halo, achemwali, ndine.

— Ii, Liwiro wathu! Nanga nambala yachilendoyi?

— Foni yanga yatha moto. Ndabwereka ya mayi ena pano. Muli bwanji kumeneko?

— Tili bwino, kaya iwe?

— Ndilipo. Alamu? Ana?

— Alamu ako ali kuntchito. Wamng'onoyu ndi chimfine, koma akusewera. Ababa ndiye usanene. Chimvereni kuti wasankhidwa kukathamanga kunja, mawondo anasiya kuwawa. Pano apita kokameta, akuti asaoneke ngati tchire anthu akadzabwera kudzakuonera pa TV.

— Auza anthu?

— Msewu wonse! Ngakhale wogulitsa makala akudziwa tsiku la mpikisano. Koma iwe, phokoso limenelo ndi lanji? Ku kampu kwanu kwayamba kulira mahutala?

— Ndi... ndatuluka pang'ono.

— Mawu akowo sindikuwamva bwino. Wadya?

— Ndadya. Achemwali, mukuikumbukira wotchi ija anatipatsa a timu?

— Yakuda ija, yosavula ngakhale posamba? Ndingaiwale bwanji, si unandilumikiza pa foni yanga kuti ndiziona mmene ukuthamangira?

— Eya. Imayezatu zonse. Kugunda kwa mtima, tulo, kutentha kwa thupi. Ndiye Lolemba lililonse kochi amaika za aliyense pa TV ya m'chipinda chodyera, tonse tikuona. Amene ali bwino mzere wake umakhala wobiriwira.

— Wako?

— Wofiira. Sabata yatha wofiira, sabata ino wofiira. Mtima ukuthamanga ngakhale ndili gone.

— Halo? Ukuduka, sendera pena.

— Ndati mtima ukuthamanga ndili gone! Kochi anandiimiritsa pamaso pa anzanga. Akuti, “Tamuonani uyu. Anzake akugona, iye akudumpha mpanda kupita kumowa. Wotchi sinama.”

— Iwe mowa? Iwe amene umasanza ndi fungo lokha?

— Ndinakana. Anati ndikuchita mwano, ndizungulire bwalo mpaka iwo atanena kuti basi. Dzuwa lili pamutu. Ndinazungulira, ndinazungulira, kenako ndinangoona mdima. Podzidzimuka ndili pa bedi kwa adokotala a timu, nsapato atandivula.

— Mayo! Ndiye ukundiuza lero? Wavulala?

— Ayi. Bondo lokha ndi limene linasupuka.

— Nanga adokotala akuti chiyani? Ndi mtima? Usandibisire, paja amayi unawatenga ndi mtima.

— Si mtima.

— Malungo?

— Adokotalawo ndi aakazi. Anatsegula kompyuta, nkuyang'ana mizere ija nthawi yaitali. Kenako anandifunsa kuti ndinapita liti kumwezi. Chitseko chili pululu, achemwali. Anzanga atatu ali pakhonde, andibweretsera madzi.

— Hmm.

— Anandipatsa kabotolo koti ayeze mkodzo. Sizinatenge nthawi.

— Nena, ndikumva.

— Ndaima, achemwali.

— ...

— Halo? Mulipo?

— Ndilipo. Ndimazimitsa ayironi, ndingaotche malaya a alamu ako.

— Ndikalipireni. Chonde ndikalipireni, kukhala chete kumeneko ndiye kukundipha.

— Mwini wake ndi mnyamata wa ku garaja uja?

— Ndi yemweyo. Palibenso wina.

— Wakana?

— Sanakane. Analira pa foni ngati mwana. Akuti atumiza amalume ake kwathu. Koma ine si zimenezo, achemwali. Ine thupi langa lomwe sindinalimve. Kachitsulo ka padzanja kadziwa ine mwini wake ndisanadziwe, nkukauza chipinda chonse chodyera. Pofika madzulo ngakhale ophika amandiyang'ana pamimba.

— Kochi uja anapepesa?

— Anabwera m'chipinda changa, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Akuti, “Ndikanadziwa sindikanakuthamangitsa.” Kenako anatambasula dzanja. Ine ndimayesa akufuna kundipatsa moni. Amafuna wotchi. Ndi ya timu. Aipereka kwa mtsikana amene walowa m'malo mwanga.

— Ndiye kunja kuja...

— Kwatha. Ndili pa depoti ndi chikwama changa. Mahutala mukumvawo ndi a mabasi. Ndakhala pano chiyambire m'mawa, mabasi akwathu akunyamuka ine ndikungowayang'ana. Padzanja pano patsala mzere woyera pamene panali lamba, ndikungopaphimba ndi juzi ngati chilonda.

— Liwiro, tamvera. Nanenso ndili ndi manyazi anga.

— Inu?

— Pa foni yangayi simabwera za kuthamanga zokha. Kamabweranso kakalendala kaja umaikamo timadontho. Ndinaona mwezi wadutsa mulibe kadontho. Ndabereka atatu ine, sindine mwana.

— Munadziwa?

— Ndinaganiza. Ndinatenga foni kuti ndikuimbire, nkuibwezanso. Ndinati ndikufunsa bwanji, uziti achemwali akundizonda? Ndiponso ndinkafuna zikhale zabodza. Ndinali nditauza kale anzanga onse kuntchito kuti mng'ono wanga akukwera ndege. Ndikanatsegula pakamwa, sukanazungulira bwalo lija padzuwa.

— Musalire, achemwali. Mukalira inu ine nditani?

— Sindikulira, ndi chimfine cha mwanayu chandipatsira. Adokotala anati zili bwino m'katimo? Kugwa kuja?

— Anati zili bwino. Ndikayambe sikelo ndikafika. Anatinso alipo amene anabereka nkubwereranso pa bwalo, miyendo siithawa.

— Basi. Kwera basi imene ikudzazayo. Bedi lako ndiyala.

— Nanga ababa? Ndikawayang'ana bwanji? Anthu amene ankandiperekeza ku bwalo pa njinga, atanyamula botolo langa la madzi? Ndimati mwina muwauze ndinu kuti ndavulala bondo.

— Bondo limakula mpaka kuvala matewera? Iwe, bodza limeneli likhala la miyezi ingati?

— Mayi a foniwa ayamba kundiyang'ana, mayunitsi awo akutha. Ndidula.

— Dikira, geti yalira. Ndi iwowo, abwera kometa kuja. Ii, mpaka ndevu achotsa. Ababa, ndi Liwiro! Akuti ndiwapatse foni.

— Ayi, achemwali, musawapatse! Nenani kuti netiweki yavuta.

— Atambasula kale dzanja, akumwetulira mano onse. Ndidule? Nena msanga, ndichita zimene unene.

— ...Apatseni. Asamve kwa ometa. Koma inu musachoke, muime pafupi nawo.

— Ndili pompano. Ababa, nayi.

— Halo? Halo! Ngwazi yanga! Ndege ikunyamuka liti?

— Ababa, mwaswera bwanji? Muli chiimire?

— Eya, ndangolowa kumene. Bwanji?

— Pezani mpando kaye, ababa. Ndikubwera kunyumba lero.