Kompyuta Yomwe Inatulutsira Mphatso Lilime

Moni nonse, abale ndi alongo a m'gulu lathu la mapemphero, ndi inu aphunzitsi mwakhala kumbuyoko kuti mumve ngati ndilape. Ndine Limbani wa folomu folo, ngakhale ambiri mumanditcha Tenanti. Ndiyambe ndi kuvomera: nkhani yonseyi ndinaiyamba ndine. Si Satana, si anzanga oipa. Ndine amene ndinamata kaselotepi kunsi kwa mausi ya Mphatso.

Kwa inu a folomu wanu amene mwabwera kumene, Mphatso ndi uyo wakhala pafupi ndi zenera akuyang'ana nsapato zakeyo. Ndi pulifekiti wa labu ya makompyuta. Bambo ake ndi manijala wa esiteti ya fodya kuseri kwa Santhe, ndipo bambo anga ndi tenanti pa esiteti yomweyo. Tinachokera ku Mulanje ndili wamng'ono. Kumunda bambo ake amalamula bambo anga, ndiye iye anaona kuti kusukulu azilamula ine. Ndikangolowa m'labu ankatsina mphuno, amvekere, "Ndani watsegula chigafa muno?"

Tsiku la kaselotepilo ankaphunzitsa atsikana a folomu thu kagwiridwe ka mausi. Mausi yosayenda. Anaigwedeza. Anaimenyetsa patebulo. Anaiuzira ngati akukoleza mbaula. Atsikana anaseka, koma ine ndinaseka kuposa onse, mpaka kugwa pampando. Cholakwa changa chinali chimenecho, abale. Osati selotepi ayi, koma kuseka msanga.

M'labu mwathu wogawa malo ndi pulifekiti. M'mawa mwake ndinapeza ndasamutsidwira pakona, pa chikompyuta chakale choyera chomwe aliyense ankachithawa. Chinabwera kale chili ndi Linux. Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yaulere, yoti aliyense atha kuitsegula m'mimba n'kusintha zomwe akufuna. Vuto linali loti pasukulu pano panalibe woizolowera. Ngakhale a Mbewe, aphunzitsi athu a kompyuta, anati anangoilawa pang'ono ku koleji.

Ndinalimbana nayo. Zonse zinali pamalo achilendo, ngati walowa m'khitchini ya eni. Kenako Mphatso anabwera, nkhope ili yofatsa.

"Aise, zakale zinatha," anatero. "Ikuchedwa eti? Tsegula kawindo kakuda ako, ndikuuze zolemba. Msuweni wanga wa ku Lilongwe anandiphunzitsa. Ithamanga kuposa ya a hedi."

Abale, munthu amene anandinena kuti ndimanunkha chigafa, ndinamukhulupirira. Iye ankatchula, ine ndinkalemba. Pasiwedi anaika yekha monga pulifekiti. Kompyuta inandifunsa m'Chingelezi ngati ndatsimikizadi, ndipo inandandalika zonse zomwe ichotse. Sindinawerenge. Ndinangovomera. Nditaizimitsa n'kuyatsanso, zithunzi kunalibe, mafoda kunalibe, kamuvi ka mausi kunalibe. Mdima wokhawokha, ndi kamzere koyera kakuphethira pakona. Ndinali nditachotsa ndi manja anga nkhope yonse ya kompyuta.

Mphatso anakweza dzanja. "Sala, Tenanti wapha kompyuta."

A Mbewe anabwera, anayang'ana sikirini, anayang'ana ine.

"Limbani, mbiri yako ndikuidziwa," anatero. "Mayina a olemba mayeso a kompyuta tikutumiza temu ino isanathe, ndipo wopanda makina oyeserera salemba. Ndilibe ina yokupatsa. Waipha wekha, uidzutse wekha."

"Sala, ndi Mphatso anandi..."

"Zala zinali za ndani?"

Zala zinali zanga.

Kuti mumvetse kulemera kwake, bambo anga akamasoka fodya m'chigafa ndi anzawo amakonda kunena kuti, "Uyu yekha sadzagwira phula la fodya, adzagwira kompyuta." Amanena mokweza kuti akapitawo amve. Ndikanawauza bwanji kuti andichotsa m'kalasi? Ndikanawauza bwanji kuti wandichotsetsa ndi mwana wa bwana wawo?

Mayi ndi amene anandikumbutsa za anti Nyirenda, omwe amaimba nawo kwaya. Anti Nyirenda ndi a ku Rumphi, boma linawatumiza kuchipatala chathu kuti azilowetsa za odwala m'kompyuta, ndipo laputopu yawo imayendera Linux yemweyu. Anti anati ndibwere ndi kompyutayo Loweruka akaweruka. A Mbewe anavomera mosavuta. Anati maliro satsekerezedwa kupita kwawo.

Tsono kompyuta mumainyamula bwanji panjinga? Ine ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinaikulunga m'chiguduli cha fodya, ndinaisoka bwinobwino ngati belo yopita ku okushoni, ndinaimanga ndi malegeni pakaliyala, n'kuyamba kupalasa. Msewu wathu mumaudziwa, mathirakitala anaudya kalekale. Bampu iliyonse ndinkamva kanthu kakulira m'kati, koma ndinkati ndi mawaya akukhazikika.

Titailumikiza kunyumba kwa anti, ngakhale kamzere koyera kaja sikanaonekenso. Inangoyamba kulira: piii, piii, piii. Ndinachoka kusukulu ndi wodwala, ndinafika ndi mtembo.

Abale ndi alongo, apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Ndinakhala pakhonde, ndinagwira mutu, misozi inatuluka. Ine Limbani, amene ndinaikapo chule m'chikwama cha hedi gelo, ndinalira ngati khanda. Ndipo ndinapemphera. Sindinama pamaso panu, pemphero langa silinali lokoma. Ndinati, "Ambuye, idzutseni kompyutayi, kenako mundipatse Mphatso m'manja mwanga." Gawo loyamba ndinalinena mofulumira. Lachiwiri ndinalibwereza.

Anti Nyirenda anatuluka ndi sikuludiraiva.

"Wamaliza kulira? Yayi, mwana iwe, kompyuta ikamalira chonchi ndiye kuti ikulankhula. Yakufa siilira. Tsegula."

Titatsegula, fumbi lake munthu ukanadzala mtedza. Anandionetsa kathabwa kobiriwira kotchedwa ramu, komwe kompyuta imagwirira zomwe ikuganiza. Mabampu anali atakasolola m'malo mwake. Ndinakakankha mpaka kanati thapu. Fumbi ndinalichotsa ndi pampu ya njinga. Titayatsa, kulira kunatha, kamzere kanga kanabwerera. Sindinakondwerepo ndi mdima ngati tsiku limenelo.

Anandipatsa fulashi yokhala ndi Linux watsopano, koma anakana kugwira kiyibodi.

"Ndikakukonzera ine, mawa udzabweranso ndi chiguduli chako," anatero. "Lamulo ndi limodzi: usavomere chinthu usanawerenge. Ikadandaula, werenga dandaulo lake. Imanena pomwe pakupweteka."

Kuti kompyuta iyambire pa fulashi umayenera kudina batani lina ikangoyaka kumene. Ndinkachedwa, ndinkazimitsa, ndinkachedwanso. Anti anali akusenda mbatata, akungoti, "Bwerezanso." Itavomera, inandifunsa chilankhulo, inandifunsa dera lomwe tili, kenako inandifunsa dzina loti makinawa azidziwika nalo. Ndinaganiza pang'ono. Fani yake inali ikupuma fungo la chiguduli chija, nyumba yonse kununkha fodya wa bale. Ndinalemba kuti tenanti.

Musaganize kuti mavuto anathera pomwepo. Zilembo zinatuluka zikuluzikulu ngati za pachikwangwani cha golosale, mpaka ndinapeza posinthira kukula kwa sikirini. Mawu sankamveka, ndinazula mawaya onse, kenako ndinapeza kuti inangotsekedwa pakamwa m'masetingi. Wotchi inkabwerera m'mbuyo ikazima, chifukwa kabatire kake kam'kati kanali katatha. Chilichonse ndinkawerenga kaye. Loweruka lililonse ndinkapita kwa anti kukafunsa, ndipo kawindo kakuda kaja, kamene kanandipha, ndinayamba kukakonda. Pobwerera nayo kusukulu sindinakwere njinga. Ndinaikankha wapansi njira yonse, kompyuta ili pa pilo wa mayi.

A Mbewe anaiyatsa, anatsegula ichi, anatsegula icho, anati, "Dzina lako lapita." Aleluya, abale. Gawo loyamba la pemphero linayankhidwa.

Gawo lachiwiri linabwera lokha, sindinalikakamize. Tsiku la makolo litayandikira, kompyuta yakutsogolo, yolumikizidwa ku pulojekita, inagwidwa ndi mavairasi a m'mafulashi anu a nyimbo. Mukudzidziwa. A Mbewe anandiitana kuti ndiikemo Linux ngati mwa Tenanti, kompyuta yanga ija, poti iye yekha ndi amene sankadwala. Ndinagwira ntchitoyo mokhulupirika. Ndinangoonjezera kanthu kamodzi komwe anti anandiphunzitsa pa zolinga zabwino: kapulogalamu kolola munthu kulamula kompyuta ina ali pa ina, kudzera m'mawaya a netiweki. Makompyuta onse m'labu ndi olumikizana. Pakona panga pamafika waya.

Woonetsa makolo luso la sukulu anasankhidwa Mphatso. Anavala tayi. Bambo ake anakhala kutsogolo, makiyi a galimoto ali pabondo. Mayi ake anali pambali pawo. Bambo anga anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja, ndi jekete yomwe amavala popita kutchalitchi. Ine ndinali pakona panga, wofatsa ngati mwana wa kwaya.

"Makolo olemekezeka," anayamba Mphatso, "kompyuta ndi kapolo wa munthu. Imachita zokhazo zomwe ine ndailamula."

Ndinadina.

Kathireyi koikamo ma CD kanatuluka pang'onopang'ono, ngati lilime. Mphatso anakabweza. Anatsegula pakamwa kuti apitirize, lilime linatulukanso. Anakabweza mwamphamvu. Ndinamudikira afike pa mawu oti "monga mukuonera," lilime panja. Ana a folomu wanu anayamba kufwenthera m'malaya. Mphatso anayesa kukagwira ndi bondo uku akulankhula. Apo ndinatembenuza chithunzi cha pakhoma, mutu pansi miyendo m'mwamba. Makolo onse anapendeketsa makosi nthawi imodzi. Mphatso anagwira mausi, akakankhira kumwamba kamuvi kakupita pansi. Anaigwedeza. Anaimenyetsa patebulo. Abale, anaitembenuza n'kuyang'ana kunsi ngati kuli selotepi.

Gogo wina anaimirira n'kunena kuti iye zoterezi anazionapo kwa Chulu, ndipo sizinathe bwino. Anatuluka. Mayi a Mphatso anavula nsapato, anaika dzanja pa kompyuta, anayamba kudzudzula mzimu. Akati "tuluka," ine ndinkatulutsa lilime. Akati "bwerera kumene wachokera," ndinkalibweza. Sindinafune kuti pemphero la mayi wamkulu lipite pachabe.

Bambo a Mphatso anatembenukira kwa a hedi. "Ndiye mwana wangayu mumati ndi katswiri?"

Mawu amenewo ndinawasunga mumtima. Ndikakhumudwa ndimawatulutsa n'kuwamvetseranso.

Chomwe ndinaiwala n'choti komiti ya sukulu inaitana anthu a kuchipatala ngati alendo. Anti Nyirenda sanayang'ane n'komwe kompyuta yakutsogolo. Anayang'ana chipinda chonse, anaona mwana mmodzi yekha amene sankaopa komanso sankaseka, zala zili pa kiyibodi. Ulendo uno ndinadziletsa kuseka, ndipo ndi zomwe zinandigwiritsa. Anayenda mwakachetechete mpaka pakona, anawerama, anazula waya kumbuyo kwa Tenanti. Lilime linaima lili panja.

"Chiwanda chanu ndi ichi," anatero, atandigwira khutu. "Ndinachiphunzitsa ndine."

Mu ofesi a hedi analankhula zambiri. Mphatso ataona kuti ndayamba kufotokoza za msuweni wa ku Lilongwe, anayamba kutsokomola. A Mbewe anamva zonse, ndipo makiyi a labu anamulanda tsiku lomwelo. Bambo anga anapepesa kwa a manijala mogwada, anandikalipira pamaso pa onse mpaka malovu kuuma. Koma pobwerera kunyumba, titadutsa chigafa chomaliza, anatsika panjinga n'kundifunsa motsitsa mawu, "Lilime lija, umachita kulikoka ndi chingwe?" Nditawafotokozera, anaseka mpaka kukhala pansi m'mphepete mwa msewu. Kenako anati ndisadzabwerezenso, chifukwa nyumba yomwe timagona ndi ya esiteti. Pamenepo ndinamva, ndipo mayi a Mphatso ndinakawapepesa ndekha. Iwo okha.

Lero moyo wanga uli chonchi. Mayeso ndilemba. Tenanti akuyenda bwino, ndipo dzuwa likatentha amanunkhabe bale pang'ono. Ndikuthokoza Mulungu amene anadzutsa chakufa. Ndikuthokoza anti Nyirenda, ngakhale khutu likadali lotentha. Ndikuthokoza a Mbewe. Phunziro langa kwa inu ndi limodzi: musavomere chinthu musanawerenge, makamaka ngati wakuuzani ndi munthu wovala tayi.

Chilango anandipatsa chapawiri. Choyamba, kuima pano n'kulapa, ndipo mwaona nokha mmene ndayesetsera. Chachiwiri, kuzula chitsa cha mthethe chili kuseri kwa labu. A hedi anaganiza kuti andiopseza. Mwana wa tenanti kumupatsa khasu ndi nkhwangwa, abale, kuli ngati kumutuma kukagula mandasi. Ndinkakumba ndikuimba.

Ndili m'dzenjemo, kunabwera mthunzi. Mphatso. Anati a Mbewe amulamula kuti abweze yekha chithunzi cha pa pulojekita, popeza anauza makolo kuti kompyuta ndi kapolo wake, ndipo chikadali chozondoka.

"Aise," anatero, "tangondiuza polowera."

Ndinatuluka m'dzenje, ndinapukuta manja, ndinamupatsa khasu.

"Yamba muzu uwo," ndinatero. "Ndizikuuza pang'onopang'ono."

Amene mukufuna umboni wina, pomwazikana mumupatse moni wa m'manja. Matuza ake akadalipo. Ameni.