Ndinapita Kukatuta, Ndinabwera Wolapa

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo! Ndine Nangozo wa ku Woolwich. Sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma pakamwa pokha Mulungu sanandimane, aleluya!

Ine umphawi ndimaudziwa. Ndili mtsikana ku Dedza ndinavalapo chiguduli cha chimanga, kuboola potulukira mutu, kuboola potulukira manja. Ndiye mwana wanga Esita atandibweretsa kuno kudziko la azungu kudzalera ana ake, ndinaona masitolo a kaunjika. Mayo ine! Majekete, mabulangete, nsapato! Ndinayamba kututa. Lero kututa, mawa kututa. Wina akataya, ine kutola. Matumba anafika kudenga kuchipinda kwanga. Mdzukulu wanga Tadala, amene ndinkagona naye m'menemo, anasamukira pampando wa pabalaza.

Tsiku lina Esita anati, "Amayi, flati ino ndi yaing'ono. Achoke matumbawa, apo ayi ndikuguliretu tikiti ya kumudzi." Ndinamukalipira: "Iwe chisanu sunagonepo nacho!" Miyezi iwiri, abale anga, osalankhulana. Nyumba imodzi, khomo limodzi, koma zii!

Kutchalitchi, Mayi Tembo a ku Chipata anandipeza ndikulira. Anati, "Ambuya, Loweruka tiyeni ku Lewisham, ku gulu lathu la umphawi." Ine kungomva "umphawi," ndinati eya, kumeneko amagawa zovala! Ndinakwera basi ndi zikwama ziwiri zopanda kanthu.

Kufika, palibe chogawa. Anthu wamba okhaokha: anamwino, woyendetsa basi, apabanja. Mayi Tembo nkumandimasulira kuti moyo wawo wa umphawi wochita kusankhawu udayamba kalekale ku Italy. Anthu osakhala ansembe, osakhala masisitere, okhala m'makomo mwawo, ankasiya chuma dala, ena kuvala ziguduli polapa machimo.

Ndinaseka mpaka misozi! "Chiguduli chochita kufuna? Amenewo anali okhuta!"

Mayi Tembo anayang'ana zikwama zanga zija. "Ambuya, inu chiguduli munavula liti?"

"Kalekale."

"Nanga mukunjenjemerabe chifukwa chiyani?"

Abale, alongo, mawu amenewo anandilasa. Thupi linavala, inde linavala, koma mtima unali ukadali m'chiguduli. Mantha! Mantha ndi amene anathamangitsa mdzukulu wanga pabedi. Mantha ndi amene ankandilanda mwana wobereka ndekha.

Kulapa kwanga kunali kwa manja ndi miyendo. Loweruka lililonse kudzaza zikwama, ulendo kwa anthu ogona panja. Sikunali kophweka ayi, sindinama pamaso pa Mulungu. Jekete lina lobiriwira ndinabwerera nalo kunyumba katatu! Kachinayi linapita.

Kenako cholimba: ndinagwada pamaso pa Esita. "Mwana wanga, ndinalakwa."

Iye akuti, "Amayi, dzukani! Maondo amenewa akakana, adzakunyamulani ndani?" Tinaseka, tinalira, tinasekanso.

Lero ndili ndi majekete awiri, zitenje zinayi, nsapato za kutchalitchi ndi za kumsika. Basi. Tadala anabwerera pabedi lake. Ine sindinapite kumudzi, ndili pompano, ndipo ku gulu sindijomba. Kuwerenga malamulo ake sinditha, koma nyimbo ndimayambitsa ndine.

Dzulo Esita anandifunsa, "Amayi, Khirisimasi ndikugulireni chiyani?" Ndinati, "Usandigulire kanthu mwanawe, ungondiluka tsitsi." Sanadikire Khirisimasi. Taonani mutu uwu, abale, waluka yekha ndi manja ake!

Zikomo Yesu, zikomo. Amen!