Ng'ombe ya Mayi Imene Ana Ake Ankagwa

Moni nonse m'dzina la Yesu, abale ndi alongo. Ndine make Esitere, wa konkuno ku Sakubva.

Nkhondo yomenyera ufulu itangotha, Esitere wanga anakwatiwa ndi Tendai, mnyamata wa ku Imbeza. Akwawo anandipatsa ng'ombe ya mayi, ija iwo amati mombe yeumai. Ati ikabala bwino, banja la mwana wako ladalitsika. Koma ife ochokera ku Nyasalande, khola tilitenga kuti m'tauni muno? Ndinati, "Asewele, isungeni m'khola mwanu momwemo."

Inabala. Kamwana kokongola, abale! Koma kakayenda pang'ono, miyendo njenjenje, kenako khu! Minofu ya m'ntchafu inkangofota. Kanafa. Inabalanso. Chimodzimodzi.

Mawu anayamba. Ati ine sindinailandire ndi mtima woyera. Ati mizimu ya kwathu yakana ukwati. Tsiku lina ndinangoona Esitere pakhomo, katundu pamutu, ali ndi pakati.

"Amayi, akuti wanganso sadzaima."

Alongo anga, mukuudziwa ululu umenewo. Ndinagwada. Ndinangoti, "Ambuye, ng'ombe munaumba ndinu. Lankhulani."

Ndipo analankhula, kudzera kudibi kosambitsira ng'ombe! Kumeneko Tendai anakumana ndi dokotala wa ziweto, napita naye kukhola. Ine anandiitananso.

Dokotalayo anafunsa, "Nkhunzi imene imakwera ng'ombeyi ndi iti?"

Asewele anamulozera.

"Nanga ng'ombeyi bambo wake ndani?"

Asewele anayang'ana pansi. "Ndi yomweyo. Chiyambire tili ndi nkhunzi imodzi."

"Basitu," anatero dokotala. "Palibe mzimu apa. Nkhunziyi ili ndi chilema chobisika m'magazi, mwana wakeyu alinso nacho. Zikakumana, zomangira minofu ya kamwana zimatuluka zolakwika, ngati njerwa zosapsa. Nyumba yake siingaime."

Njerwa zosapsa! Ndinamva, ine wosapita patali ndi sukulu.

Ng'ombe ija anaipititsa kwa nkhunzi ya mudzi wina. Asewele sanadikire kuti ibale. Anabwera okha ku Sakubva, kuwomba m'manja pakhomo panga: "Tinakulakwirani. Tipatseni mpongozi wathu."

Sindinasunge mkwiyo. Nawonso ankangoopa zimene sankazidziwa.

Lero Esitere ali pabanja pake. Ng'ombe inabala, kamwana kanaima tsiku lomwelo, ndipo chaka chino yabalanso kena. Dzulo ndinali ku Imbeza. Mdzukulu wanga, wa mimba ija, ankakathamangitsa kuzungulira khola, ine kukuwa, "Iwe, ugwa!"

Sanagwe, abale. Onse awiri sanagwe. Alemekezeke Mulungu! Ameni.