Pampu ya Atate Mwaipaka Penti

Olemekezeka a Khansala a dera lino, abusa athu, ba Mulubwa, wapampando wa bungwe la amakaniko a kuno ku Kabwata, ba Peggy ochokera kunyumba yosungirako zinthu zakale, amayi ndi abambo nonse.

Mundikhululukire, pepala limene ndinalemba ndalipinda, chifukwa ndinalemba za pampu ina, osati iyi mwandivundukulirayi. 

Kwa osandidziwa, ndine Regina, mwana wa malemu Dingani Jere, amene anagwira ntchito pa pampu imeneyi zaka makumi atatu, petulo akadali wopopa ndi manja. Chogwirira chake chinali chathabwa, ndipo chinadyeka mpaka kukhala ndi timaenje ta zala zawo. M'mbali munali popindika. Ndili kamtsikana ndinawabweretsera chakudya, basi ina n'kuduka mabuleki. Atate anandikoka diresi, basiyo n'kugunda pampuyi penipeni pamene ndinaima. Moyo wanga wonse unalembedwa pa kupindika kumeneko.

Mwezi watha tinagwirizana ndi ba Peggy kuti pampuyi ingopukutidwa, ithiridwe mafuta, iikidwe pansi pa denga, basi. Lero ndaipeza yofiira ngati tomato, popindika paja pawongoledwa, chogwirira ndi chachitsulo chonyezimira. Ndafunsa ba Mulubwa monong'ona, iwo akuti, "Amai, tinamvela ati mubwela, manje sitingakuonetseni chinthu cha doti."

Musaseke, abale. Mwambo wathu ndikuudziwa. Mlendo akamabwera timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, timapaka mitengo, ndipo mbuzi ikaima nthawi yaitali nayonso ingapakidwe. Munachita zimenezi pondilemekeza, ndipo luso lanu ndaliona, manja anu ndi abwino. Koma ndiye kuti ndine ndafafaniza atate anga povomera kubwera kuno. Zandipweteka kwambiri. Adzukulu anga achoka ku Chelstone m'mawa kuti adzaike zala zawo m'mene munkalowa zala za atate anga, agogo awo aakulu. Ndiwaonetsa chiyani?

Ba Mulubwa, chogwirira chakale chija chili kuti? Mwati mu dilamu ya zinyalala kuseri? Mayo ine! A Khansala, pepani, riboni iyambe yadikira, wina athamange.

Ndi chimenecho. Bweretsani kuno. Ayi, bambo, chotsani kansaluko, musachipukute! Onani nonse, zala zanga zalowa, ngakhale kuti za atate zinali zazikulu. Popindika paja sipabwereranso, pamenepo ndalira ndipo ndidzalirabe. Koma ichi chibwezeretsedwe pamalo pake lero lomwe, ndi litsiro lake, ndipo aliyense wobwera ndi bulashi pafupi nacho adzaonana ndi ine.

Tsopano, mtima uli pawiri, ndikulengeza kuti malo oonetserako pampu ya ku Kabwata atsegulidwa. Yande, Chama, adzukulu anga, bwerani pa chogwirirachi, mugwire dzanja la agogo anu aakulu.

Zikomo kwambiri.