Liwu loti "iwe" likanandichotsetsa ntchito

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndi uja ndinkapempha mapemphero chaka chatha, ntchito yanga itatsala madzi amodzi. Lero ndikuuzeni chomwe chinachitika, ngakhale chikundichititsa manyazi.

Kwathu ndi ku Dowa, koma ndinalembedwa ukapitawo pa chigayo cha mpunga kuno ku Phalombe, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa. Woyendetsa makina anali a Likhucha, bambo a msinkhu wa bambo anga. Mpunga utayamba kutuluka wophwanyikaphwanyika, ndinapsa mtima. Amayi ali pamzere ndi matumba awo, ndinawakalipira a Likhucha kuti, "Iwe, ntchito yakukanika?"

A Likhucha anangoti, "Chabwino, bwana." Ine ndinkaona ngati ndalangiza munthu.

Kuyambira tsikulo antchito onse anasoka pakamwa. Lamba wa makina akatha, osandiuza. Moni ankayankha ndithu, koma maso ali pansi. Alimi anayamba kutidutsa panjinga ndi mpunga wawo, ulendo ku chigayo china. Mwini chigayo anandiimbira foni n'kunena kuti mwezi ukatha zinthu zisanasinthe, ndilongedze.

Abale, ndinathedwa nzeru. Ndinasala kudya, ndinapemphera, koma mpunga unkaphwanyikabe. Ndinkakhala pasikelo tsiku lonse ngati mlonda wa nyumba yopanda katundu. Ana anga awiri anali atangoyamba sukulu kuno, ndipo mkazi wanga ndinamubisira nkhaniyi. Ndinafika pomufunsa Mulungu ngati anandibweretsa kutali konseku kuti anthu adzandiseke. Yankho panalibe, ndipo makatoni olongedzera ndinali nditapempha kale kugolosale.

Kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, a Likhucha anandikodola n'kupita nane kuseri kwa chigayo, komwe kunalibe munthu. Anatapa mpunga wosapuntha m'thumba, n'kundipatsa njere imodzi kuti ndilume. Inathetheka ngati galasi.

"Bwana, inu mumalimbikira, timaona," anatero. "Koma mpunga uwu wapsa ndi dzuwa. Kuno timayamba taluma tisanalandire, ndiye timadziwa kachunidwe ka makina. Wolandira pasikelo ndinu. Mukanandifunsa."

Cholakwa chinali changa. Munthu amene ndinamunyoza pagulu anandidzudzula kumbali, mawu ali pansi, akunditchulabe kuti "inu". Ndinalira ngati mwana. M'mawa mwake ndinawapepesa pamzere pomwe paja, amayi akumva.

Sindinama, alimi sanabwerere onse, ndipo mwini chigayo anangondiwonjezera miyezi itatu yondiyesa. Za mawa sindikuzidziwa. Koma makatoni aja ndinabweza, ndipo ndikuyamika Mulungu amene anabisa yankho langa m'kamwa mwa munthu yemwe ine ndinamutseka pakamwa.

Inu amene muli ndi anthu pansi panu, wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutulo mutsinireni kuseri. Ndipo amene mwalongedza kale, musaleke kupemphera. Mpaka lero a Likhucha sanauzepo munthu kuti wolakwa anali ndani. Ndaulula ndekha.